Mphasa ya Kukhomo

Anyamata amene amalandira anthu pa tchalitchi chathu masiku ano sandimvetsa. Lamulungu lililonse amandigwira mkono kuti anditengere kutsogolo, ati n'kumene kumakhala achikulire, ndipo Lamulungu lililonse ndimawakanira, n'kukhala pa benchi yomaliza pafupi ndi khomo. Ndamvapo akunong'onezana kuti agogo aja ndi amakani. Sindikana, ndinabadwa ndi mtima wapachala ndipo ukalamba sunauchiritse. Koma za benchiyo si makani ayi. Ndi za mkazi wanga, amene anatisiya kalekale, ndipo ndati ndizilembe manja asanafike pokanika kugwira cholembera.

Ndinamupeza ku Ntaja nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija isanayambe. Masiku amenewo ndinkalima thonje kwathu m'mbali mwa Rivirivi, ndipo ntchito ya thonje ikatha ndinkayenda pansi, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukagula matemba a ku Chilwa odzagulitsa pa siteshoni ya Balaka. Tsiku lina dzuwa litandiwotcha ndinapatukira pa nyumba ina kukapempha madzi. Pakhonde panali bambo wina wovala kofia yoyera, akusoka pa makina. Kuseri kwa mpanda wina ankasinja uku akuyimba. Madzi ndinamwa, chikho ndinabweza, koma miyendo inakana kunyamuka. Bambo aja anaimitsa makina, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, madzi mwamwa. Nanga chatsala n'chiyani?"

Amenewo ndiwo anadzakhala apongozi anga. Anali Msilamu wosaphonya ku mzikiti, ndipo mwana wawo woyamba, wosinja uja, atanena kuti akulowa kalasi ya ubatizo kuti akwatiwe ndi Mkhristu, abale ambiri anamutembenukira msana. Bambo akewo sanamutukwane. Analola ngakhale kuti ndimutenge chitengwa, chifukwa kwawoko tchalitchi chinali kutali. Tsiku lonyamuka anangomuuza mawu amodzi, ine ndili pomwepo: "Pita, mwanangu. Koma ndikadzafa usadzandisiye ngati munthu amene sanabale."

Tchalitchi chathu cha nthawi imeneyo chinali chadothi, chofolera ndi udzu, mipando yake youmba. Amuna tinkakhala mbali ino, akazi mbali inayo. Limba kunalibe, mabuku a nyimbo anali owerengeka, choncho nyimbo yonse inkadalira munthu woyambitsa. Akayamba pamwamba kwambiri amuna tinkatsamwa, akayamba pansi akazi ankangong'ung'udza. Pasanathe chaka chibwerere, mkazi wanga ndiye anali woyambitsa. Nyimbo akaimva kamodzi inali yake. Ankakhala kutsogolo kwenikweni, ndipo akangotsegula pakamwa mpingo wonse unkadziwa popondera. Ine ndinkatupa ngati ndayimba ndine, pomwe mawu anga amathawitsa nkhuku.

Kumbuyo, pafupi ndi khomo, kunalibe mipando. Kunali mphasa ziwiri, ya amuna ndi ya akazi, ndipo pamenepo pankakhala anthu amene akulu a mpingo awaika pa chilango: wofulula kachasu, wotenga mitala, mtsikana wotenga mimba asanakwatiwe. Wa pa mphasa sankaloledwa kupemphera mokweza, kapena kuyambitsa nyimbo. Chowawa koposa chinali tsiku la Mgonero. Abusa ankabwera mvula isanagwe ndi pambuyo pokolola basi, pa sitima mpaka pa Balaka kenako pa njinga. Ulaliki ukatha, a pa mphasa ankatuluka, chitseko n'kutsekedwa. Tonse tinkadutsa pa mphasazo polowa ndi potuluka, koma sindikumbuka kuti ndinawapatsapo moni anthu amenewo.

Apongozi anga anamwalira chilimwe china, tili kale ndi ana awiri. Ku maliro tinapita tonse, palibe analetsa. Nkhani inabwera pambuyo pake, mlamu wanga atafika kudzanena kuti tsiku la sadaka layandikira. Kwa Asilamu a kwawoko, maliro akapita masiku makumi anayi abale amasonkhana, ashehe amapemphera, ndipo amaphika mpunga ndi mbuzi kudyetsa mudzi wonse ndi aliyense wodutsa m'njira. Mwana wamkazi woyamba ndiye amayang'anira miphika. Koma kwa ife lamulo linali lodziwika: Mkhristu saphika kapena kudya za pa sadaka, chifukwa akulu ankati ndi nsembe yoperekera akufa.

Mkulu wa mpingo wathu anamva, nabwera yekha kunyumba. Anali bambo wamtali wotsimphina, wosaseka wamba. Kwa zaka zambiri ndinkamuda, koma lero ndimamumvetsa. Mwana wake weniweni anayamba ndi kupita ku masadaka a kuchikazi, mapeto ake anavala kofia osabwereranso. Mkuluyo anakhala pa mpando, mkazi wanga atagwada chapatali.

"Mayi, maliro munalira, ndipo tinalira nanu. Kumene mukufuna kupitaku musapiteko. Mukapita, manja anga adzakhala omangika."

"Ndamva, abambo," anatero mkazi wanga.

M'mawa mwake anabereka mwana wamng'ono, nanyamuka ulendo wa ku Ntaja. Sanabise, anadutsa pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo. Anakaphika, anakadya ndi mayi ake m'mbale imodzi, ndipo atabwerako bwalo la mpingo linamuitana. Chigamulo chinali chakuti akhale pa mphasa mpaka tsiku limene adzaimirire pamaso pa mpingo n'kunena kuti analakwa.

"Chilango ndalandira," anawayankha. "Koma kunena kuti ndinalakwa pophikira bambo anga, pakamwa pakukana. Kodi ndiname m'nyumba ya Mulungu?"

"Iyayi, musaname," anatero mkulu uja. "Khalani pa mphasa, mayi, mpaka pakamwa pavomere."

Ine magazi anawira. Ndinalalata njira yonse yobwerera kunyumba, ndinatchula mayina a akulu amene ndinkawadziwa kuti amamwa mowa mobisa, ndinalumbira kuti phazi langa silipondanso m'tchalitchimo. Iye anangondisiya ndithe mpweya. Loweruka litafika anatenga mtsuko ndi dothi lakuda kukazira pansi pa tchalitchi monga ankachitira kale, ndipo Lamulungu anachapa ana, navala nsalu yake yabwino, nakakhala pa mphasa pakati pa mayi wa kachasu ndi mtsikana wa mimba. Nanga ine ndikanatsala bwanji kunyumba? Ndinamutsatira nkhope ili ndwii.

Mgonero wa mvula isanagwe unafika. Ndinamuuza kuti akatuluka ndituluka naye, akulu aone. Anandigwira malaya.

"Inu simuli pa chilango. Kadyeni. Mukasala chifukwa cha mkwiyo, ndiye kuti m'nyumba muno tasala awiri."

Ndinamuona akutuluka atawerama, chitseko n'kutsekedwa. Titatuluka ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, maso ali ofiira. Tinauyamba wa kunyumba mpaka tinafika ku mtsinje. Pamenepo anandifunsa mwakachetechete kuti abusa anawerenga mawu ati ponyema buledi, ndiponso kuti chikho chinayambira mbali iti. Ankafuna ndimufotokozere zonse, ngati munthu amene akufunsa za kwawo. Apo m'pamene ndinadziwa kuti chimene chinkamupweteka si manyazi a mphasa. Anali ndi njala ya gome lija, ndipo njira yobwererako inali yotsekedwa ndi mawu amene sakanatha kunena.

Miyezi ya mvula inali yaitali chaka chimenecho. Abale ake anatumiza mawu kuti abwerere kwawo, poti Akhristu amutaya. Anawayankha kuti sanatayidwe, wangokhazikidwa pansi. Koma chiyeso chenicheni chinabwera pa njinga, chimanga chikumasula. Kunali bambo wina amene anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni, nayambitsa mpingo wakewake kutsidya kwa Rivirivi. Ankavala mkanjo woyera, kwawo ankayimba ndi ng'oma, ndipo anthu angapo a kwathu anali atamutsatira kale. Sanali munthu woipa, lilime lake linali lotsekemera basi. Anafika pakhomo pathu masana ena, ndipo tinamupatsa mpando.

"Amayi, mbiri ya mawu anu inatipeza. Kwathu kulibe mphasa. Munthu wolemekeza bambo ake ife sitimulanga. Bwerani, mudzatsogolera nyimbo ndi amayi onse, ndipo bambowa tidzawadzoza ukulu. Mgonero mudya Lamulungu lomwe lino."

Za ukuluzo zinandikomera m'khutu, ndisaname. Ndinayang'ana mkazi wanga. Atamva za Mgonero anadzutsa mutu, mpaka ndinaganiza kuti avomera. Kenako analowa m'nyumba, natulutsa chinangwa chophika, naika pamaso pa mlendoyo atagwada.

"Zikomo, abambo, mwatikumbukira. Idyani. Koma amene anandikhazika pa mphasa ndi omwewo adzandidzutsepo."

Mlendo atapita ndinamukalipira. "Kodi iwe, anakudyetsa chiyani akulu amenewa? Munthu wabwera kudzakutsegulira khomo!"

"Mtima wanga unapita naye, abambo, musaganize kuti sunapite," anandiyankha. "Koma pobatizidwa ndinalonjeza kumvera akulu a mpingo uno. Sindinati ndidzawamvera pokhapokha akandikondweretsa. Ndikawoloka mtsinjewu, sindikudziwa ngati ndikutsata Ambuye kapena mpando wanga wa kutsogolo."

Pa nthawi yonseyi nyimbo ankayambitsa mayi wina wachitsikana, wamanyazi, amene akulu anangomuloza chifukwa ankadziwa kuwerenga. Ankayesetsa, koma kuyimba kwathu kunazizira. Ndiye linafika Lamulungu la zokolola, pamene aliyense amabwera ndi dengu la chimanga, nandolo kapena mtedza, ndipo alendo a midzi ina anadzaza tchalitchi mpaka pazenera. Mkulu uja anatchula nyimbo yothokoza. Mayi uja, poona chigulu cha anthu, anaiyamba pamwamba zedi. Akazi anakwera naye pang'ono, amuna tinalephera, ndipo nyimbo inaduka pakati. Anayambanso, koma mantha anamusokoneza, nalowa m'mayimbidwe a nyimbo ina. Ana anayamba kuseka. Mayi uja anaphimba nkhope ndi buku, mapewa akugwedezeka.

Pamenepo mitu yonse inatembenukira kukhomo. Ngakhale mkulu uja anayang'ana komweko. Ndikhulupirira kuti mkazi wanga akanayambitsa, palibe akanamudzudzula tsiku limenelo. Ine mumtima ndinkakuwa kuti yamba, yamba, awone! Ndinaona chifuwa chake chikukoka mpweya. Kenako anaweramitsa mutu, nayamba kutosatosa bango la mphasa ndi chala. Mapeto ake nyimboyo anaiyambitsa mkuluyo ndi mawu ake osasa, ndipo tinaikoka movutikira mpaka kumapeto.

Ine ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee. Ndinaseka, ndinayeserera mayimbidwe a mayi uja, ndinati lero akulu aphunzira. Mkazi wanga sanaseke. M'mawa mwake tikuthyola thonje, dzuwa litakwera, anaika dengu pansi.

"Dzulo ndinakondwera."

"Nanenso ndinakondwera," ndinatero.

"Iyayi, simukundimva. Mwana uja akulira, ine mtima ukuvina. Ndinkafuna kuyambitsa, koma osati kuti Mulungu atamandidwe. Ndinkafuna aone kuti popanda ine sangathe."

Ndinamuuza kuti zimenezo n'zachibadwa, munthu aliyense akanamva choncho. Madzulo ake anapita kunyumba kwa mayi uja, ndipo kuyambira pamenepo ankapezana ku mtsinje pochapa. Ukadutsa unkamva awiriwo akubwereza mzere umodzi, wina akuonetsa mnzake poyambira. Ine ndinkaona ngati misala, kunola mpeni wa munthu amene wakulanda malo.

Uthenga utafika kuti abusa akubwera ku Mgonero wa pambuyo pokolola, mkazi wanga anapita kwa mkulu uja kukanena kuti ali ndi mawu. Ine sanandiuze kuti akanena chiyani. Ndinada nkhawa, chifukwa ndinkamudziwa: akanama kuti alowe, bodzalo lidzamudya moyo wake wonse, ndipo akakana kachiwiri, mphasa idzakhala kwawo mpaka kalekale.

Loweruka masana, pa mapemphero okonzekera Mgonero, anamuitana. Anayenda kuchokera kukhomo mpaka kutsogolo, natembenuka kuyang'ana mpingo. Mawu ake, amene ankadzaza tchalitchi poyimba, tsiku limenelo anali aang'ono, moti tinachita kutchera khutu.

"Abusa, akulu, ndi inu nonse. Bambo anga anandipempha ndisadzawasiye ngati munthu wosabala. Ndinakawaphikira, ndipo za chimenecho Mulungu ndiye adzaweruze, ine sindingathe kunena kuti ndikumva chisoni. Koma ndinalakwa, ndipo kulakwa kwanga ndi uku. Tsiku limene abambo awa anabwera kudzandiletsa, pakamwa ndinati ndamva, koma mumtima ndinawaseka. Ndinati sangandikhazike pa mphasa ine, nanga nyimbo ayambitsa ndani? Sindinawadandaulire, sindinawafotokozere za lonjezo langa, ndinangodutsa pakati pa mudzi kuti onse aone. Ndipo tsiku la zokolola, mnzangayu atalephera, ndinakondwera. Ndinkayesa kuti nyimbo za Mulungu ndi zanga. Mundikhululukire."

Ine za kuseka mkuluyo mumtima ndinkazimva koyamba, ndipo nkhope inanditentha, chifukwa mawu akuti popanda iye nyimbo sangazithe ndinkawanena mokweza miyezi yonseyo. Mkulu wina wamng'ono anadzuka nanena kuti za sadaka zenizenizo mayiwa sanalape. Abusa anatembenukira kwa mkulu wotsimphina uja, poti ndiye ankatidziwa tonse. Mkuluyo anayang'ana ndodo yake.

"Ndamva zimene sananene," anatero. "Ndamvanso zimene anena, ndipo sitinawafunse. Abusa, mayiwa adye mawa."

Anadya. Ndinali mbali ya amuna, koma maso anga anali pa iye. Analandira buledi ndi manja awiri, ndipo misozi inkatsika osaipukuta. Chikho chitadutsa, abusa anatchula nyimbo yotsekera, ndipo anthu anamuyang'ana kudikira. Iye anagwira bondo la mayi wachitsikana uja, amene anakhala naye pafupi. Mayiyo anayambitsa, bwinobwino, pamalo pake.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma Lamulungu lotsatira titalowa, mkazi wanga sanapitirire kutsogolo. Anavula nsapato zake za matayala, nakhala pa mphasa ija, pafupi ndi mtsikana uja amene tsopano anali ndi khanda. Mkulu uja anatsimphina kuchokera kutsogolo kudzamufunsa ngati waiwala kuti chilango chinatha.

"Sindinaiwale, abambo. Koma kuno kulibe amene amayimba. Amachita manyazi kutsegula pakamwa, ndipo palibe amawapatsa moni. Mukandilola, ndizikhala kuno."

Mkuluyo anamuyang'ana, nagwedeza mutu, nabwerera kumalo kwake. Ine zinandinyansa masabata angapo, poti ndinkafuna anthu aone mkazi wanga atabwerera pa mpando wake. Kenako khutu linayamba kundiuza zina. Nyimbo inkayambira kutsogolo, koma ikafika pokwera, pamene kale tinkagwa, mawu ake ankabwera kuchokera kumbuyo n'kutinyamula tonse. Sankapitirira anzake, ankangowachirikiza. Pang'ono ndi pang'ono a pa mphasa nawonso anayamba kuyimba. Tsiku la Mgonero mkazi wanga ankatuluka nawo mpaka pakhomo, kuwagwira chanza mmodzimmodzi, kenako n'kubwerera kudzadya. Anakhala pamenepo zaka zonse zimene Mulungu anamupatsa, ndipo sizinali zambiri. Anadwala chifuwa chaka chimene tinayamba kuumba njerwa za tchalitchi chatsopano, ndipo sanaone denga lake la malata. Pa maliro ake nyimbo anayambitsa mayi uja, ndipo abale a ku Ntaja anabwera ndi makofia awo, nakhala nafe mpaka kumanda.

Lero mphasa kulibe. Pansi ndi pa simenti, palibe amazira Loweruka, ndipo achinyamata ali ndi kwaya yawo yoyimba bwino ndithu. Ndimamusowa. Ndimamusowa pothyola thonje, ndimamusowa ndikamva munthu akusinja, koma makamaka Lamulungu m'mawa. Nyimbo ikayamba sindilowa msanga, ndimadikira ifike pokwera paja, khutu lili mbali ya akazi. Ndikudziwa kuti sindimva kanthu, komabe ndimadikira.

Mnyamata wina wa pakhomo, wofatsa bwino, anandiuza posachedwa kuti makutu anga afooka, kutsogolo ndizikamva bwino. Ndinamuthokoza, n'kukhala pansi pomwepo. Sadziwa kuti mawu amene ndimabwera kudzamvera ankachokera kukhomo.